Chigamulo Chimene Ndinawawerengera Abambo

Abambo anga anayendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi zaka makumi awiri ndi zitatu. Ntchito yawo inali yotuta masamba. Anthu akathyola tiyi m'minda n'kuyezetsa pasikelo, iwo ankafika ndi ngolo, matumba n'kupakiridwa, ulendo wa kufakitale. Tinkakhala kumalayini, m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, ndipo ndinakula ndikuzindikira kulira kwa thirakitala yawo pakati pa zinzake, chifukwa inkatsokomola ikamakwera chitunda cha kumabulugama.

Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Ndiwo ankagawa mgonero, ndipo banja likasokonekera kumalayiniko anthu ankabwera kudzakhala pakhonde pathu. Mowa sankaudziwa. Sanali munthu wolankhulalankhula, koma akapsa mtima ankasiya Chinyanja n'kuyamba Chilomwe, ana tonse n'kubalalika.

Anawachotsa ntchito tsiku lina Lachitatu, nyengo ya chiperoni, ya nkhungu ndi kamvula kozizira. Nthawi imeneyo n'kuti ine nditayamba kale uphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Thyolo boma. Amayi anandiimbira foni ndili m'kalasi.

"Bwera kuno. Abambo ako abwerako dzuwa lili pamutu. Angokhala pakhonde, sakuyankha aliyense."

Ndinawapeza akadali m'ovolosi yakuntchito, kalata ili pabondo. Inali ya Chingerezi, yaifupi kwambiri. Inkati dizilo wa thirakitala yawo wakhala akutha msanga kwa miyezi ingapo, ndipo kampani yamva kuti amakamugulitsa kuchigayo cha pamsika wapafupi. Ntchito yatha lero lomwe. Nyumba atulukemo sabata isanathe.

"Anakufunsani mbali yanu?" ndinatero.

"Sanandifunse. Amanijala andipatsa kalatayi ali chiimire. Ndimati nditsegule pakamwa, akuti nkhani inatha kale."

"Nanga dizilo akupita kuti?"

"Thanki imadontha. Ndinamuuza makaniko katatu konse. Ndikaimika thirakitala ndimachita kutchera chitini pansi."

Ankalankhula osandiyang'ana. Maso anali kumunda wa tiyi kutsidya la msewu, kumene anzawo anali akugwirabe ntchito ngati palibe chachitika.

Loweruka tinapakira katundu m'lole ya hayala, ulendo wa kwa Nchilamwela, kwawo kwa amayi. Kumeneko kunali kanyumba kaudzu ndi kamunda ka nthochi ndi nandolo. Bambo amene anakhala zaka zonse pakhomo podzilamulira yekha anasanduka mkamwini atamera imvi. Alamu awo sankawanyoza poyera, koma ankalekeza nkhani iwo akamafika.

Chimene chinawapweteka kwambiri chinali cha kutchalitchi. Mbiri inayenda msanga, poti mpingo wa kumalayini ndi wa kumudziko unali pansi pa abusa amodzi. Akuluakulu anakhala pansi n'kugwirizana kuti abambo ayambe atula pansi udindo wawo mpaka nkhaniyo iyere. Iwo sanatsutse. Anachoka pa benchi ya kutsogolo n'kukakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Kuyambira pamenepo mawu akuti "nkhani iyere" anakhala chakudya chawo.

Tinayambira ku ofesi ya leba. Kampani inatumiza mnyamata wa tayi amene ananena kuti akhoza kuwapatsa malipiro a mwezi umodzi, nkhani ithere pomwepo. Abambo anafunsa funso limodzi lokha.

"Mulemba kuti sindinabe?"

Mnyamatayo anati zimenezo sanamutume. Abambo anadzuka n'kuvala chipewa. Mkulu wa ku lebayo anatilembera kalata yopita nayo ku khoti la milandu ya zantchito mumzinda.

Bungwe la ogwira ntchito linatipezera loya, bambo wachinyamata wothamangathamanga amene nthawi zonse ankaoneka ngati wachedwa kwina. Atawerenga kalata yochotsera ntchito ija anamwetulira. Anatifotokozera kuti lamulo limafuna zinthu ziwiri. Bwana asanachotse munthu ntchito ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka, komanso ayenera kumupatsa munthuyo mpata woyankhapo pa mlanduwo. Chikasowa chimodzi, ndiye kuti wamuchotsa mopanda chilungamo.

"Madala, poti sanakumveni, apa pokha tawagwira kale," anatero.

"Ndiye khoti lidzanena kuti sindine wakuba?"

"Khoti lidzaona zonse, madala."

Mlanduwo unatenga zaka zinayi. Tsiku la khoti likafika ndinkapempha tchuthi kwa ahedi, n'kukumana ndi abambo pa boma m'mamawa. Minibasi ya ku Limbe, kenako ina yolowa m'tauni. Ankavala jekete yawo ya mgonero, itasitidwa ndi simbi ya makala. Tinkakhala pa benchi ya pakhonde pamodzi ndi alonda, ophika, madalaivala, aliyense atafumbata envulopu yake yakuda ndi thukuta. Kenako loya wathu ankatulukira n'kutiuza kuti loya wa kampani wadwala, kapena ali ku khoti lina, kapena mboni yawo ili kumaliro. Ankatipatsa tsiku lina, miyezi itatu kapena inayi kutsogolo. Pobwerera, minda ya tiyi ikayamba kuoneka, abambo ankatembenukira mbali inayo.

M'chaka chachitatu makaniko uja anabwera kumudzi, tsiku la Sabata masana, atanyamula shuga ndi buledi. Anakhala pamkeka ngati munthu wobwera kudzapepesa maliro. Anatiuza kuti thanki ija anaiwotcherera patangotha sabata imodzi abambo atachoka, ndipo dizilo anasiya kusowa.

"Ndiye mukanene zimenezi kukhoti," ndinatero.

Anayang'ana pansi. "Achemwali, ine ndili ndi ana asanu m'nyumba ya kampani. Ndikakaima kumeneko, ndikabwerera kuti?"

Ndinayamba kumukalipira, koma abambo anakweza dzanja. "Musiye. Akunena zoona." Anamuperekeza mpaka pamsewu. Buledi uja iwo sanamulawe.

Nthawi imeneyi n'kuti matenda a shuga atawagwira. Miyendo inayamba kutupa, maso akuchita chifunga. Tsiku lina pakhonde la khoti loya wa kampani anatitengera pambali. Anati mabwana ake atopa nayo nkhaniyi, akufuna kupereka kangachepe kuti tisainirane, aliyense azipita. Loya wathu anati ndi zabwino kuposa zomwe khoti lingapereke. Ine ndinawanong'oneza abambo kuti alandire, akagule mankhwala. Iwo anafunsa funso lawo lomwe lija, ndipo yankho linali lomwe lija. Kampani siingalembe kuti inalakwa.

"Ndiye tilowe m'khotimo," anatero abambo.

Tsiku lomva mlandu linafika m'chaka chachinayi. Mboni yathu inali imodzi yokha, mwini chigayo cha pamsika uja, bambo wachikulire wachisilamu amene ankadziwana ndi abambo pongopatsana moni. Anatseka chigayo chake tsiku lonse, n'kudzilipirira yekha minibasi. Anaima m'khotimo atavala mkanjo woyera ndi kofiya, n'kunena kuti chigayo chake chimayendera magetsi chikhalire, dizilo alibe naye ntchito.

"Dzina langa nalonso laipa nayo nkhaniyi," anatero. "Kumzikiti anthu amandifunsa."

Loya wa kampani anangomufunsa ngati m'dera lonselo chigayo n'chake chokha. Anavomera kuti ziliko zina. Anamuuza kuti akhale pansi.

Kenako inali nthawi ya abambo. Ankalankhula Chinyanja, womasulira n'kumatembenuzira m'Chingerezi kwa mayi amene ankaweruza. Anafotokoza bwinobwino za thanki ndi chitini chija. Ndiye loya wa kampani anaimirira ndi buku lalikulu la kugalaja.

"Mukulidziwa bukuli?"

"Ndikulidziwa."

"Galimoto ikawonongeka, dalaivala amayenera kulemba m'menemu. Si choncho?"

"Ndi choncho, koma tonse tinkangonena pakamwa."

"Sindinafunse za anzanu. Inuyo munalemba?"

"Sindinalembe."

"Makaniko amene mukuti munamuuzayo ali kuti?"

Abambo anangotembenuza chipewa m'manja mwawo.

"Ndiye palibe pepala, palibe mboni, koma dizilo anasowa ali m'manja mwanu. Tikhulupirire pakamwa panu pokha?"

Apa abambo anapsa mtima. Anayamba kuyankha m'Chilomwe, mofulumira, mawu akukwera. Ankati zaka zonsezi sanatengepo ngakhale tsamba limodzi la tiyi kukaphikira ana ake. Womasulira uja Chilomwe sankachidziwa, anangoti kukamwa yasa. Woweruza anawapempha mofatsa kuti abwereze m'Chichewa. Anayesa, koma mphamvu zinali zitatha. Anangoti, "Sindinabe, bwana." Ndi zokhazo zimene zinalembedwa.

Chigamulo chinatuluka patapita miyezi isanu. Abambo sakanathanso kukwera minibasi, ndiye ndinapita ndekha kukachitenga kwa loya. Anandilandira akuseka, n'kundigwira chanza.

"Tapambana! Khoti lati anawachotsa mopanda chilungamo. Kampani ipereka chipukuta misozi."

Ndinayamba kuchiwerenga minibasi ikudikira kudzaza pa Limbe. Anali masamba asanu ndi awiri. Kumapeto kunalidi zomwe loya ananena. Kampani inalakwira lamulo posawapatsa mpata wodziteteza. Koma pa tsamba lachisanu panali ndime ina. Inkati pa nkhani ya chifukwa, khoti laona kuti dizilo anasowadi ali m'manja mwa wodandaula, ndipo iye walephera kuonetsa umboni wa kudontha kwa thanki, choncho kampani inali ndi chifukwa chomveka chomukayikira ndi kumuchotsa. Chifukwa cha ichi chipukuta misozicho chikhala chochepa.

Ndinabwereza ndimeyo katatu. Kondakitala anachita kundigwedeza paphewa kuti ndipereke ndalama.

Ndinafika kumudzi chakumadzulo. Abambo anali pampando pansi pa mtengo wa mapeyala, miyendo itasanjikidwa pa ndowa yovundikira. Amayi anali kusenda chinangwa pambali pawo. Abambo atandiona anayesa kudzuka.

"Akuti chiyani?"

"Mwapambana, abambo."

"Zimenezo ndamva. Akuti sindinabe?"

Ndinayang'ana miyendo yotupayo, ndi maso awo amene ankandifunafuna m'chifunga. Njira yonse ndinali nditakonza mawu oti ndiwafotokozere pang'onopang'ono. Onse anandithawa.

"Eya. Akuti simunabe."

"Tandiwerengera."

Ndinatsegula mapepalawo n'kuyamba kumasulira. Nditafika pa tsamba lachisanu ndinalumpha ndime ija, m'malo mwake n'kuikamo mawu anga. Ndinati khoti laona kuti bamboyu ndi wokhulupirika, ndipo dizilo ankatayika chifukwa cha thanki. Amayi anataya mpeni n'kuimba nthungululu. Abambo anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo akulira. Tsiku limenelo analamula kuti aphe tambala, n'kuitana alamu awo onse kudzadya.

Tikudya anati, "Lamulungu upite nane kutchalitchi. Ukawawerengere akuluakulu monga wandiwerengera ine."

Ndinasiya kudya. Mlembi wa mpingowo anali kalaliki wopuma ntchito, Chingerezi ankachidziwa kuposa ine. Ndinanama kachiwiri. Ndinati pepalalo silinadindidwe, tidikire loya atitumizire lenileni. Ndinkati ndipeze nthawi yokaonana ndi abusa pandekha, ndiwapemphe kuti angowabwezera pa udindo popanda kuwerenga. Koma kusukulu inali nyengo ya mayeso, ndipo kunena zoona ndinkachitanso mantha. Sabata inatha, inanso n'kutha. Mapepala aja ndinali nditawasiya kumudzi, chifukwa abambo anakana kuti mapepalawo achoke m'nyumba.

Sabata yachitatu analephera kupirira. Anavala jekete ija, n'kukwera kabaza mpaka kutchalitchi. Mapemphero atatha anapempha abusa ndi akuluakulu kuti atsalire, ndipo anapereka chigamulocho kwa mlembi kuti awerenge mokweza. Zimenezi anandiuza ndi amayi, amene anali atakhala pakhomo la kachipinda kamene anakumaniramo. Akuti mlembiyo atafika pa tsamba lachisanu anaima, n'kufunsa ngati apitirize. Abambo anati, "Pitirizani, musasiye kanthu." Mlembiyo anamasulira ndime yonse monga inalembedwera. Abambo anatenga mapepala awo, anathokoza, n'kutuluka. Kabaza anamukana. Anayenda wapansi ndi miyendo imeneyo mpaka kunyumba, akupuma m'mbali mwa njira.

Amayi sanandiimbire. Ndinafika Loweruka lotsatira ndisakudziwa kanthu, nditanyamula mankhwala a abambo. Ndinagwada kuwapatsa moni, koma sanayankhe. Anatulutsa mapepala aja m'thumba la malaya n'kundipatsa.

"Werenganso. Uyambire tsamba lachisanu."

Ndinadziwa pomwepo. Ndinayamba kupepesa, kunena kuti ndinkaopa kuti mtima wawo uima, kuti ndinachita chifukwa chowakonda.

"Ndati werenga."

Ndinawerenga ndime yonseyo, liwu ndi liwu, misozi ikugwera papepala. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako analankhula, osati m'Chilomwe monga ndinkayembekezera, koma m'Chinyanja chozizira.

"Ndinakutumiza kusukulu kuti udzakhale maso anga. Wandiimika pamaso pa anthu ndi pepala lonena kuti ndine wokayikitsa, ine ndikumwetulira. Amanijala aja anandiuza zoipa, koma anandiuza pamaso."



Lolemba anandituma kwa loya kukafunsa za apilo. Loyayo anadabwa kuti munthu wopambana akufuna apilo. Anandifotokozera kuti khoti lalikulu silimvanso nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Limangoona ngati khoti laling'ono linaphonya lamulo, ndipo apa lamulo silinaphonyedwe. Za amene anaba kapena sanabe zinathera pomwepo. Anatinso mlandu wa zantchito si mlandu wakuba, ndipo palibe khoti limene linawapeza olakwa pa kuba.

"Komanso palibe limene lawayeretsa," ndinatero.

"Zimenezo si ntchito ya khoti limeneli, achemwali."

Nditawauza abambo, nthawi ino osachotsapo kapena kuwonjezerapo, anangogwedeza mutu.

Chipukuta misozi chinabwera patapita miyezi ina. Iwo anakana kuchigwira. Anati amayi achite nacho zimene akufuna, ndipo amayi anafolera nyumba ndi malata, zotsala n'kuthera kuchipatala. Abusa anabwera kawiri kudzanena kuti akuluakulu ambiri akuwakhulupirira, abwerere pa benchi ya kutsogolo. Abambo anafunsa ngati onse avomera. Abusa anati awiri okha ndi amene akukayika.

"Ndiye awiriwo azilandira mgonero m'manja mwa munthu amene akumuyesa wakuba? Ayi, abusa. Ndikhala kumbuyo konko."

Kenako miyendo inakana, ndipo anasiyiratu kupita.

Ine sanandithamangitse. Patatha mwezi anayambanso kuyankha moni wanga, kufunsa za ana anga ndi za kusukulu. Ndinkawasambitsa mapazi, kuwadula zikhadabo, kuwaperekeza kuchipatala cha pa boma. Koma sanandipatsenso pepala lililonse kuti ndiwawerengere. Adokotala akalemba m'kabuku kawo ka kuchipatala, ankakapinda n'kukaika m'thumba, ine ndili pomwepo. Tikafika kumudzi ankatumiza uthenga kwa mlembi wa mpingo uja, iye n'kubwera pa njinga kudzawauza zomwe zalembedwa. Ngakhale mankhwala amene ndagula ndekha ankadikira kuti munthuyo awerenge kaye pabotolo. Nthawi zina ankachedwa masiku awiri, iwo osamwa kanthu. Ndinawachonderera kangapo. Ankangoti, "Usavutike, mwananga, abwera."

Chaka chotsatira bala la kuphazi linakana kupola. Adokotala anafotokoza pamaso pa tonse kuti mwendo uyenera kudulidwa, ndipo anatipatsa pepala loti asainire. Ndinawauza kuti nthawi ndi yochepa, ndiwawerengere pomwepo. Anati lidikire. Mlembi uja anali atapita kwa Changata ku ukwati wa mdzukulu wake, ndipo anafika pa tsiku lachitatu. Anawerenga, abambo anadinda chala, madokotala anachita mbali yawo. Koma matenda anali atalowa kale m'magazi. Adokotala anandiuza kuti mwina masiku atatuwo sakanasintha kanthu. Ndimayesetsa kuwakhulupirira.

Abambo anamwalira patatha sabata, m'mawa, amayi akuwapukuta nkhope. Tinawaika kwa Nchilamwela, kumanda a kuchikazi. Anthu a kumalayini anabwera ochepa chifukwa inali nyengo ya masamba ambiri ndipo akapitawo sankapereka tchuthi. Mwini chigayo uja anabwera, n'kukhala pansi pa mtengo patali pang'ono mpaka mwambo wonse unatha. Wowerenga mbiri ya malemu anati anagwira ntchito pa esiteti zaka zambiri ndipo anatumikirapo ngati mkulu wa mpingo. Za mlandu sanatchule. Titachoka kumanda ndinathandiza amayi kutsuka mbale za anthu, ndipo Lolemba ndinabwerera kusukulu.